Chipsera Chimene Sikirini Yakale Inabisa

A Luyen anabadwira mumzinda wa Nam Dinh, m'nyumba yopanikizika ya kuseri kwa msika, momwe bambo awo ankajambula nkhope za anthu omwalira ndi ufa wa makala. Munthu ankabwera ndi kachithunzi kofwifwa ngati tsamba louma, mkuluyo n'kukhala masiku atatu akujambula nkhope yaikulu yoti ikaikidwe paguwa la makolo, pakati pa zofukiza ndi nthochi. A Luyen anayamba ntchitoyo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo awo atatsikira kulichete, iwo anapitiriza ndi makala omwewo mpaka makasitomala anatha, poti mumsewu wina munatsegulidwa malo okonza zithunzi pa kompyuta tsiku limodzi lokha.

Zaka ziwiri zathunthu anakhala akutsuka mbale pamalo pamene akazi awo, a Ngat, ankagulitsa chakudya cha msuzi chotchedwa pho. Kenaka ofesi ina ikutsekedwa anagulako kompyuta yakale ndi kasikirini kake komwe, n'kudziphunzitsa okha. Dzanja linali lozolowera kale nkhope za anthu, choncho sipanatenge nthawi kuti ayambirenso kudziwika.

Tsiku lina kunabwera gogo Thoa, wa zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi, atakulunga kachithunzi m'mpango. Pachithunzipo panali mwamuna wawo, amene anapita kunkhondo patangotha miyezi isanu akwatirana ndipo sanabwerenso. Chithunzi china panalibe. Chipewa cha usilikali chinali chitaphimba mbali yakumanzere ya nkhope ndi mthunzi.

"Tsiku lomukumbukira latsala masabata atatu," anatero gogoyo. "Ndikufuna adzukulu amuone bwinobwino."

A Luyen atachilowetsa mu kompyuta, mbali yakumanzere inangooneka bii ngati kunsi kwa poto. Anayesa kuiwalitsa koma panangotuluka mawangamawanga. Ndiye anachita monga ankachitira nthawi zonse: anatengera mbali yakumanja, n'kujambula inayo mofanana nayo.

Gogo Thoa atabwera kudzatenga, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mnyamata wokongola ndithu," anatero. "Koma si mwamuna wanga."

"Palakwika pati, amayi?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Wangayo ankaoneka ngati akufuna kuseka. Uyu akuoneka ngati wa pakalendala."

Anachisiya patebulo n'kumapita pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. A Luyen chakudya sichinalowe tsiku limenelo.

M'mawa mwake anapita kwa Cuong, mnzawo wosindikiza zithunzi, ndi ntchito zina pa fulashi. Cuong potsegula anaphonya, n'kutsegula chithunzi cha msilikali chija chisanakonzedwe. A Luyen anaima chilili. Mumdima muja munali nkhope. Panali kamzere kotuwa kodutsa pansidze, ndipo mlomo unali utakwera pang'ono chakumanzere.

"Kwathu izi sizioneka," anatero.

"Zioneka bwanji, achimwene? Kasikirini kanu kaja nkotsala kwa atsamunda a Chifalansa. Kakaona chakuda pang'ono ndi chakuda kwambiri, kamangoti zonse ndi makala. Anthu akumanda aja mwakhala mukuwameta mphuno muli khungu."

Cuong anaseka, koma a Luyen ayi. Anakoka mpando n'kumuuza kuti awafotokozere zonse, chimodzichimodzi. Cuong analemba pachikuto cha bokosi la mapepala: mtundu wa galasi, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, nambala yosonyeza mitundu imene sikirini ingathe kuonetsa, ndi ina yosonyeza kuti imanama motani. Anawapangiranso pa fulashi mzere wa timabokosi makumi awiri, kuyambira kakuda bii, kenaka kotuwirapo pang'ono, mpaka koyera mbee. Kunyumba a Luyen anawerenga timabokosito pa sikirini yawo n'kupeza khumi ndi tinayi. Tisanu ndi kamodzi tinali titamezedwa.

Sabata yonse anakhala akuwerenga mapepala a masikirini osiyanasiyana, magalasi ali pamphuno, milomo ikugwedera.

"Madala, mwayamba kubwebweta ngati wamalungo," anatero a Ngat akudula anyezi. "Delita uyu mukumutchula m'mawa ndi madzuloyu ndi mkazi wakuti?"

"Ndi nambala, mayi. Ikakhala yochepera pa ziwiri, ndiye kuti sikirini siinama."

"Ndiye mukandifunsireko ngati ilipo ya amuna."

Loweruka anakwera sitima ya ku Hanoi. Sitolo imene Cuong anawalozera inali ndi masikirini khoma lonse, onse akuonetsa nsomba zofiira zikusambira. Wogulitsa anali mayi wachitsikana wolankhula ngati wailesi. Ataona imvi ndi masilipasi a a Luyen, anawatengera pa ina yopindika ngati uta, yoyaka timagetsi kumbuyo.

"Amalume, iyi ndiye mfumu. Imasintha chithunzi maulendo 165 pa sekondi imodzi. Galimoto ithamange chotani, simuona kudukiza."

"Anthu anga sathamanga, mwana wanga. Anakhala chete kalekale."

Mayiyo anadabwa. A Luyen anatulutsa chikuto chija m'thumba.

"Ndikufuna ya galasi la IPS, yoti ndikapendeka mutu mtundu usasinthe. Mainchesi 27, timadontho 2560 m'litali ndi 1440 m'lifupi. Pa nambala ya mitundu, ya sRGB ija, isatsike pa 99. Delita E yosafika pa ziwiri, ndipo pepala loyezera la kufakitale likhale m'bokosi. Isakhale yonyezimira, chifukwa khomo langa linayang'ana kumsewu, sindikufuna kumaonamo njinga zamoto."

Mayiyo anamwetulira.

"Ndimaganiza kuti mwabwera kudzagulira mdzukulu. Bwerani kuno, amalume, zanu zili kuseri."

Kuseriko kunali masikirini atatu osadzionetsera, akuda, opanda timagetsi. Imodzi anaikana pomwepo poti pepala loyezera inalibe. Ziwiri zotsalazo manambala ake anali ofanana ndendende. A Luyen anapempha kuti achotse nsomba zija, aike fulashi yawo. Anawerenga timabokosi ndi chala m'mwamba, osakhudza galasi. Yoyamba inaonetsa khumi ndi tisanu ndi tinayi. Tiwiri takumapeto tinagwirana. Yachiwiri inaonetsa tonse makumi awiri. Ananjuta, anaimirira, anapita kumbali n'kuyang'ana chopendekera. Timabokosi tinali tomweto. Makasitomala ena awiri anali ataima kumbuyo kwawo akuwerenga nawo.

"Imeneyi," anatero.

M'sitima anakana kuika bokosilo pamalo a katundu. Analikumbatira pamiyendo ulendo wonse, moti bambo wina wokhala moyang'anizana nawo anafunsa ngati munali mazira.

Masiku anayi anakhala pa nkhope ya msilikaliyo. Ulendo uno sanapeke kanthu. Ankangochotsa fumbi ndi nkhungu, n'kumadzutsa pang'onopang'ono zimene zinalimo kale. Kamzere ka pansidze kanali chipsera chenicheni, chosweka pawiri kumapeto. Diso lakumanzere linali lotsinzinako. Atamaliza anapita okha kukawaitana gogo Thoa, n'kuwanyamula pa njinga yamoto.

Gogoyo atakhala pampando, a Luyen anawapatsa chithunzi chosindikizidwa kale. A Ngat anasiya poto akuwira n'kudzaima pakhomo. Gogo Thoa anaika chala pa chipsera chija, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. A Luyen anaganiza kuti akulira, koma anali akuseka, misozi ikuyenda.

"Ndi ameneyu. Apapa ndinamutema ndine, ndi zenga, tikukolola mpunga. Anabwera mwakachetechete kumbuyo kwanga kuti andiopseze, ine n'kutembenuka. Magazi ali chuchuchu, iye akuti, tsopano wandiwononga nkhope, palibenso wina angandifune, ukwatiwe ndi ine basi."

"Ndiye munavomera pomwepo?" anafunsa a Ngat.

"Ndinamudikiritsa chaka. Anali wamwano."

Pa tsiku lokumbukira a Luyen ndi a Ngat anaitanidwa onse awiri, ndipo a Luyen anawakhazika pamphasa ya akuluakulu. Gogo Thoa anafalitsa nkhaniyo kwa amasiye anzawo a nthawi ya nkhondo, moti pofika nyengo ya chaka chatsopano anthu ankachokera mpaka kuchigawo cha Thai Binh ndi tizithunzi tawo m'mipango.

Koma a Luyen panali china chimene chinkawasowetsa mtendere. Anatsegula ntchito zonse za zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, imodziimodzi, n'kupeza zithunzi makumi atatu ndi chimodzi zimene anafufutamo kanthu osadziwa: ndolo, dzino lagolide, kadontho ka patsaya. Anazikonzanso zonse mwaulere n'kumayenda khomo ndi khomo kukazipereka. Ambiri analandira ndi manja awiri. Bambo wina yekha wogulitsa matayala anayang'ana njerewere imene inabwerera pamphuno ya malemu bambo ake, n'kubweza chithunzicho.

"Zikomo, amalume, koma kasungeni. Mkuluyu njerewere imeneyi ankadana nayo moyo wake wonse. Musiyeni apume."