Mikanjo Khumi Yopita ku Liberia

Ndikusoka zovala ku White City, mumzinda wa Gaborone, ndinadziwana ndi bambo ena a ku Liberia, aphunzitsi a zaulimi pakoleji ya ku Sebele. Nkhondo itatha kwawo, anabwera ndi mpukutu wa nsalu yakuda.

"Atelala, mundisokere mikanjo khumi yovala pomaliza maphunziro," anatero. "Kuyunivesite kwathu asilikali anatenga yonse n'kuisandutsa zofunda. Ndikubwerera kukaphunzitsa."

Ndinasoka masiku asanu, iwo ali pabenchi, akundisimbira za mitengo ya mango ya payunivesite ya kwawoyo ndi ophunzira awo amene anamwalira. Ndimawasowa macheza amenewo.

Patapita zaka ziwiri, ananditumizira chithunzi ndi kalata. Omaliza maphunziro anachuluka, moti ankabwerekana mikanjoyo pojambulitsa. Mmodzi anali waimvi kale. Nkhondo inamupeza ali m'chaka choyamba cha maphunziro ake payunivesitepo.