Makina akana chala changa, feteleza sananipatse

Feteleza wanga anikaniza chifukwa cha chala. Inde, chala! Musaseke.

Lolemba ninanyamuka ku Bundabunda 5 koloko m'mawa. Pa ofesi yotsimikizira maina a alimi ku Chongwe ninafika 7:20. Chitseko anatsegula 9:05, tiyi ili m'manja. Dzina langa pa mndandanda lilipo. Chitupa nili nacho. Chatsala n'kuika chala pa kamakina basi.

Mtsikana wa pa kompyuta, zikhadabo zazitali zofiira, akuti, "Amai, ikani chala chachikulu." Naika. Kagetsi kofiira. Akuti nipukute. Napukuta pa chitenje. Kofiira. Akuti nipake mate. Ine, mayi wa ana asanu, kunyambita chala pagulu! Kofiira. Tayesa zala zonse khumi. Nafunsa ngati ningavule patapata tiyese za kuphazi. Sanaseke.

Kumbuyo kwanga kunali abwana ena ogwira ntchito ku Lusaka, amene anamanga nyumba chaka chatha ku msewu wa Kasisi. Munda wawo ni mizere itatu ya repu kuseri kwa galaji. Manja ofewa ngati bani wa ku bekari. Kungokhudza, kagetsi kobiriwira. Mtsikana uja akuti, "Zikomo, ba farmer, matumba anu katengeni." Ayi, zikomo kwambiri!

Pa 12:40 anabwera wamkulu wa pa ofesipo. Anagwira dzanja langa, kulitembenuza ngati akugula nsomba. Akuti mizere ya zala zanga inatha, khasu linadya. Akuti nikapumule milungu iwiri, osagwira khasu, osachapa, nizipaka mafuta, mizere idzamera.

Milungu iwiri! Mvula yagwa, chimanga chafika m'maondo ndipo chayamba chikasu, udzu ukuchipitirira. Chimenecho ndiye chakudya cha ana anga chaka chonse. Ine nikhale pa mpando nikulera zala? Ninapsa mtima mpaka misozi, sinibisa.

Ndiye niyankheni, inu amene munagula kamakinaka: munakayesa pa dzanja la ndani? Kuti kanidziwe kuti ndine mlimi, nisiye kulima?

Anzanga a ku Bundabunda na Palabana, yang'anani zala zanu musanawononge ya minibasi.

Ine Lachisanu nibweranso, 7:20 yomweyo, na khasu langa. Si munati ndilo linadya? Muike mpini pa kamakina. Mizere yanga yonse ili pamenepo.