Fayilo Imene Inandichotsa Ntchito ku Kachulu

Ntchitoyo sindinaipeze mwa chifundo cha munthu. Nyanja ya Chilwa itabwerera pambuyo pa kuuma kuja, ku Kachulu kunafika bungwe lina lowerenga nsomba, ndipo padoko ponse wodziwa kutayipa ndinali ine ndekha. Ananditenga chifukwa analibe wina. Ana anga anali aang'ono, bambo wawo atalowera ku Joni osatumiza ngakhale moni.

Ofesi inali chipinda chimodzi, kompyuta imodzi yoyendera sola ndi mabatire. Ndinkalowetsamo kulemera kwa matemba, milamba ndi makumba otsika m'mabwato. Kompyutayo inkayendera Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, koma wa mtundu wosiyana ndi wa ku ofesi yaikulu ku Zomba, kumene mapulogalamu ankachokera pa disiketi.

Mu Linux muli fayilo yotchedwa libc, imene pulogalamu iliyonse imatsamira ikafuna kutsegula, kulemba kapena kusunga kanthu. Abwana anga, a Makwinja, anandipatsa lamulo limodzi. "Musanaike pulogalamu, lembani ls /lib kuti muone maina a mafayilo. Mukaona libc.so.6, ikani. Mukaona 5, musakhudze. Zamveka, mayi?" Ine munthu sindimukhulupirira, ngakhale wobadwa naye mimba imodzi, koma pamenepo ndinalibe wina womufunsa.

Tsiku limene alendo opereka thandizo ankabwera kudzaona ntchito, a Makwinja analawirira ndi pulogalamu yatsopano yojambula kuchuluka kwa nsomba. Ndinayang'ana, 6 uja alipo. Ndinaika. Pulogalamu inakana kudzuka, n'kulemba kuti ikufuna GLIBC_2.1.

"Sunthani," anatero abwana. Anakopera libc ya mu laputopu yawo n'kuithira pamwamba pa yathu, makina akuyenda. Maso anga anali pa zala zawo. Kompyuta inauma pomwepo, ngakhale ls osayankha. Anazimitsa, kuyatsanso. Zii.

Galimoto la alendo linali litaima kale panja. A Makwinja anawafotokozera m'Chingerezi, kenako anabwereza m'Chinyanja kuti asodzi amene anaunjikana pawindo amve bwino. "Amayiwa amagwira makina ndi manja a mlamba. Ndinawauza kuti ili si thandala loyanikapo nsomba."

Anthu anafa nacho chiseko. Wopalasa bwato wina wa ku chilumba cha Chisi anakuwa, "A Kompyuta, mwaiwamba kodi?"

Anandilanda kiyi pamaso pa onsewo. Ndinadutsa doko lonse ndi kachikwama kanga, akazi anzanga akukodolana. Dzina loti a Kompyuta linandimatirira mpaka ana anga ankamenyana nalo kusukulu.

Ndinayamba kugulitsa matemba. Tsiku lina a Chikopa, katswiri wa ku Zomba amene anadzadzutsa makinawo, anaima pa mphasa yanga. Ndinawafunsa chimene chinalakwika.

"Dzina loti libc.so.6 ndi chikwangwani chabe, mayi. Libc ya 2.0 ndi ya 2.1 imene pulogalamu ija inkafuna, zonse zimavala dzina lomwelo, ndipo Linux aliyense amaikamo yake. Mukanalemba /lib/libc.so.6 n'kudina Enter, fayiloyo imatchula yokha nambala yake yeniyeni. Kenako n'kulemba ldd ndi dzina la pulogalamuyo, muone ngati ikugwirizana ndi libc yanu. Yanu inali 2.0. Pulogalamu kukana si mlandu. Chinapha makina ndi kusintha libc akuyenda."

"Ndiye mukudziwa amene anapha."

"Ndikudziwa."

"Mukawauze a ku Zomba."

Anayang'ana kunyanja. "Mayi, ntchito yangayi amandiitanira ndi a Makwinja omwewo. Inenso ndili ndi ana."

Anasankha matemba oyera okhaokha, n'kupempha basela.

Pano ndine gogo, ndipo zidzukulu zimati ndine wovuta. Zinene. Cholembedwa pamwamba pa chinthu sindichimvera, chinthucho ndimachifunsa chokha. Ndipo munthu wamkulu akafuna kukhala pampando wanga kuti akonze, ndimayamba ndaitana mboni, kenako ndiye ndimadzuka.