Tsiku Limene Ndinathowa Mwendo wa a Jere

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Ndikuilemba lero chifukwa cholembera ndinachigwira mochedwa, kusukulu ya kwacha, imvi zitatuluka kale, ndipo pepala siliyang'ana munthu m'maso.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili ndi ana anayi. Fodya anali atakanika kwathu kwa Mavwere, ndiye mlamu wanga, amene ankaphika pachipatala china chaching'ono kufupi ndi malire, anandinenera kwa akuluakulu. Anandipatsa ovolosi, magolovesi, mopu ndi ndowa. Ndinkakolopa m'wodi ya abambo, kukankha trole, kukhuthula mabedipani odzithandiziramo ndi kutembenuza odwala.

Chaka chimenecho kunabwera madokotala okonza zipsera. Ankasenda khungu pantchafu, lopyapyala ngati tsamba la fodya, n'kulimata pamene moto unadya. Sisita wa wodi yathu, Mayi Tembo, anandionetsa pepala lopachikidwa kumiyendo kwa bedi.

"Achimwene, awa akachoka ku fiyeta aziyenda. Katatu pa tsiku, kufika pakhomo n'kubwerera, ngakhale alire. Munthu akagonetsa, magazi amaundana m'katumba, ndipo kachidutswa kake kakanyamuka n'kufika kumapapo, palibe angakathamangire. Akayenda muzichonga apa."

Kuwerenga sindinkatha, koma kuchonga ndinkatha.

Pabedi la pawindo panali a Jere, mkulu wa kwa Mlonyeni. Balani ya fodya inawagwera ikuyaka, ndipo chipsera chinakokera chibwano chawo pachifuwa. Kwa zaka zambiri ankaona pansi pokha. Ankati amazindikira anthu ndi zala za kumapazi. Madokotala atawamasula khosi, ankagona chagada, ali m'mabandeji, maso ali pawindo.

"Taona mwana wanga," anatero tsiku loyamba, "mitambo ija idakalipo."

Ankaipatsa maina a ng'ombe zawo zakale. Iyi ndi Bulaki, iyo ndi Nyangazatha, ikupita kukamwa madzi ku Zambia. Ine ndinkatsamira mopu n'kumayang'ana nawo, mpaka wodi yonse imaoneka ngati ikuyandama pang'onopang'ono, mabedi, mabotolo a diripi, ife tonse.

Koma kuyenda ankakana. Pantchafu pamene anasenda paja pankawawotcha ngati tsabola.

"Iwe, wodwala amagona. Kwanu akulu mumawaguba ngati asilikali?"

Zoonadi kwathu wodwala timamuyalira mphasa, sitimuyendetsa. Ndipo munthu wa msinkhu wa bambo ako sumukoka dzanja. Ndinkawasiya, n'kuchonga. M'mawa, masana, madzulo. Atadandaula kuti masokosi othina amene anawaveka akuwaluma, ndinawavula n'kuwabisa pansi pa pilo.

Tsiku lachisanu m'mawa, akazi awo, a Nasoko, amene ankawadikirira, anandikodola. Katumba wakumanzere anali atatupa, wotentha, wonyezimira.

"Tapezeniko madzi otentha, bambo, tiwathowe."

Sisita anali chapafupi, m'chipinda cha mankhwala. Ndikanawaitana, akanafunsa za kuyenda. Ndinapita kukhitchini kwa mlamu wanga, n'kubwera ndi beseni. Ndinaviika kansalu, n'kuthowa mwendowo monga mayi ankandithowera ndikabinya, kenako n'kusisita ndi zala zazikulu, kuchokera kuchidendene kukwera kubondo. Ndinasisita ndi mtima wanga wonse.

"Manja ako ndi mankhwala," anatero a Jere, atatsinzina.

Masana anapempha kuti ndiwakhazike tsonga aone bwino kunja. Anayang'ana kanthawi, akumwetulira. Kenako anagwira pachifuwa. Mpweya unayamba kudukaduka, milomo inatuwa, thukuta linatuluka ngati mame. Ndinakuwa. Sisita anathamanga ndi okosijeni, dokotala anabwera, ine ndinaima ndi trole imene sinafunikenso. Dzuwa lisanachoke pawindo, a Jere anali atatisiya.

Mayi Tembo anatenga pepala lija. Mizere yanga inali yonse, yoongoka bwino.

"Ankayenda?"

"Ankayenda, sisita."

Anapumira m'mwamba. "Nthawi zina zimachitika ngakhale munthu achite zonse."

A Nasoko, pokulunga katundu wawo m'chitenje, anandigwira chanza ndi manja awiri. Anati Mulungu andidalitse, pakuti ndinawasamalira amuna awo ngati mwana wobereka okha. Mawu amenewo ndi amene sanandichokebe m'khutu.

Sindidziwa ngati kachidutswako kananyamuka ndi zala zanga, kapena kakananyamukabe. Amene akanandiuza ndinawanamiza, ndipo nawonso anapita kalekale. Chimene ndinasunga zaka zonse zimene ndinagwira m'wodi ndi ichi: mwendo umodzi ukatupa pambuyo pa opaleshoni, suthowedwa, susisitidwa, umaitanirwa namwino. Ndipo ulemu wina ndi mantha chabe atavala jekete.

M'mawa wotsatira imfa ya a Jere ndinapita pabedi la a Yusufu, wogulitsa nsalu paboma, amene anawamata khungu pamkono. Nawonso ndinali nditawachongera masiku awiri ali chigonere. Ndinatenga patapata zawo, n'kugwada, n'kuwaveka.

"Achimwene, mwadya chiyani lero? Ndisiyeni ine!"

"Tukwanani tikuyenda, bwana."

Ananditukwana m'Chichewa, n'kumalizira m'Chiyao. Ndinawagwira m'chiuno, phazi ndi phazi, mpaka tinagunda chitseko. Ali wefuwefu, anafunsa ngati tatha.

"Ayi," ndinatero. "Kwatsala kubwerera."