Tenti Yobiriwira ya Amuna Anga

Amuna anga atatuluka m'chipatala, dokotala anawauza chinthu chimodzi chosavuta: aziyenda. Aziyenda pang'onopang'ono, m'mawa kapena madzulo, kuti mwendo wakumanzere uja uyambenso kumva. Ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Za phiri dokotala sanatchule. Koma tisanafike n'komwe pa geti yathu ku Chelstone, kuno ku Lusaka, iwo anali atayamba kale za Nyika.

Ali mnyamata ankayendetsa lole ya kampani ina ya kumafakitale. Ulendo wina anakatula katundu kumtunda uko, kumalire, ndipo anagona pamwamba pa mapiri a Nyika. Nkhani imeneyo ndinaimva zaka zonse za ukwati wathu: udzu wosaoneka pothera, mbidzi zikudya pafupi ngati abulu a munthu, nkhungu yotsika masanasana n'kukubisira ngakhale dzanja lako lomwe. Pomaliza ankati, "Nizakupelekani, amai." Ine ndinkangoti eya, monga timavomerera zonena za amuna tikafuna kugona. Koma sitiroko itawagwetsa m'bafa n'kuwasiya akukoka mwendo, lonjezo lija linawalowa m'mutu ngati matenda achiwiri.

Ndinakana. Ndinakalipa mpaka agalu a m'mayadi oyandikana anandiyankha.

"Mufuna mukafele pa phili monga nyani?" ndinawafunsa.

"Kufa nizafa, amai," anatero iwo. "Manje mufuna nifele pa sofa, na limoti ya TV kumanja?"

Munthu wotere ungamutani? Ana athu anaimba mafoni, mmodzi kuchokera ku Kitwe, wina kunja, onse kuwachonderera. Atate awo ankawamvetsera mwaulemu, n'kuwafunsa ngati angawatumizire tochi ya pamphumi.

Ulendo unakonzedwa mwezi wozizira, mvula itatheratu. Basi mpaka ku Chipata, kuchoka apo ku Lundazi, kenako galimoto ya mnzawo wakale ititenge kukwera nayo. Kumeneko, ankatero amuna anga, sulowa m'tchire wekha, amakupatsa mlonda wa nyama wa mfuti kuti akutsogolere. Ndinafunsa ngati mfutiyo imaombanso BP. Sanaseke.

Vuto la Lusaka n'loti ndi mbale yafulati, phiri loyeserera mulibe. Choncho m'mawa uliwonse ankavala majombo a salaula, ovalidwapo kale, amene anagula ku City Market, n'kuika njerwa m'chikwama cha kumsana, ulendo ku mlatho wa anthu oyenda pansi wa pamsewu waukulu. Kukwera masitepe, kutsika, kukweranso. Makondakitala a maminibasi anawazolowera, ankawakuwira kuti, "Ba mudala, Yesu akubwela, musathamange!" Ine ndinkatsatira m'mbuyo ndi botolo la madzi, maso ali pa mwendo uja. Unkagunda sitepe iliyonse usanakwere.

Sikuti ndinali wakhungu ayi. Ndinaona kapu ya tiyi ikuwapulumuka m'dzanja. Ndinaona akulimbana ndi batani la malaya nthawi yaitali, kenako n'kulisiya losamanga ngati achita dala. Masiku ena m'mawa lilime linkawalemera, mawu n'kumatuluka ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndinawakokera ku kiliniki, anawaonjezera mankhwala, anawauza kuti apumule. Anapumula tsiku lomwelo basi. Kutacha, majombo kuphazi.

Kenako inabwera tenti. Anaibweretsa alamu anga, mng'ono wawo wa ku Kabwata, munthu amene chibadwire sanakanepo mawu a mkulu wake. Ine ndinkayembekezera katenti kowala kaja ka azungu, kolowa m'chikwama. Chimene anatsitsa m'galimoto chinali chinsalu chobiriwira, chokhuthala, cholemera ngati ng'ombe yakufa, ndi mapaipi ake achitsulo.

"Ichi muzakwela nacho phili?" ndinafunsa.

"Chizasala pa kampu, mulamu, motoka ifika," anatero alamu.

Ndinawerama n'kuchinunkhiza. Fumbi, utsi wakale wa nkhuni, ndi kafungo kena ka anthu ambiri ogona osasamba. Fungo limenelo ndimalidziwa. Mkazi aliyense wa mumpingo amene anagonapo pa maliro amalidziwa.

"Tenti iyi inali kuti?"

Alamu anayang'ana matayala a galimoto yawo. "Inali chabe mu galaji."

Sindinafunsenso. Ndinawauza kuti aiike kuseri, isalowe m'nyumba mwanga.

Loweruka lina ndinadzuka ndi mphamvu za ukhondo. Ndinatulutsa masofa ndi mipando yonse ya pabalaza n'kuiika pabwalo, ndinakolopa, ndinapaka polishi wofiira, n'kusiya zitseko zotsegula kuti muume. Kenako ndinakwera minibasi kupita ku City Market kukafuna majekete ndi masokosi aubweya, poti ngati munthu waumirira kukafera kozizira, bola afe atafunda. Amuna anga ndinawasiya akuwerenga nyuzipepala. Sanandiuze kuti apangana ndi mng'ono wawo kuti tsiku limenelo ayese kuimika tenti, ndiponso ayese kuphika pa moto wa zikuni monga adzachitire kuphiri.

Ndinabwerako dzuwa litapendeka. Nditatsika minibasi pa siteji ya pa thanki ya madzi n'kukhotera mumsewu wathu, ndinaona utsi. Ndinayenda pang'ono, ndinaona nsonga yobiriwira itatulukira pamwamba pa mpanda wathu. Geti inali yotsegula mbali zonse ziwiri. Amayi awiri ovala zitenje ndi maduku ankalowa, mmodzi atasenza thumba la makala. Ndiye ndinamva kulira, kochokera m'nyumba mwanga.

Mayo ine! Thumba la majekete sindidziwa linagwera pati. Kwathu kuno tenti pabwalo, mipando panja, moto wa zikuni masana, sizifuna wokuuza. Ngakhale mwana amadziwa. Ndipo msewu wonse unkadziwa kuti bambo a nyumba ino anagonekedwapo m'chipatala.

Ndinalowa ndikukuwa. Azibambo anali atakhala kale pa masofa anga mozungulira moto, mitu ili pansi. M'chipinda chochezera chopanda kanthu chija, pa polishi wanga, amayi anali atadzaza, miyendo atatambasula. Wotsogolera kulira anali ba neba, mayi wamasiye wa kuseri kwa mpanda wathu, Mbemba wa mawu aakulu amene safika mochedwa pa maliro alionse. Anandigwira, tinagwera pansi limodzi. Ndinalira amuna anga ndi mtima wonse, ndinawatchula dzina limene sindinkawatchula pa anthu. Palibe anafunsa mnzake kuti wamva kwa yani. Aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye akudziwa.

Kunja kunamveka mfuu, ya azibambo tsopano. Tinatuluka. Chitseko cha tenti chinali chikugwedezeka. Munatuluka jombo, kenako mwendo wokoka uja, kenako amuna anga athunthu, chipewa chaubweya kumutu, maso ofiira ndi tulo. Alamu anali atapita kukagula chingwe, ndipo amuna anga, atamwa mankhwala awo amasana aja, anati ayese kugona m'tenti amve ngati pansi pakupweteka msana.

Anayang'ana khamu lonselo n'kufunsa, "Nindani wafa?"

Ena anathawa mpaka kugwetsa mipando. Mtsikana wina anakomoka. Kenako kuseka kunayamba, kuseka koipa, kwa anthu amene misozi sinaume. Ine sindinaseke. Amuna anga ndinawamenya pachifuwa ndi manja onse awiri, pamaso pa anthu, ine amene sindinawakwezerepo dzanja.

Ba neba nawonso sanaseke. Anamanganso chitenje chawo mwamphamvu, manyazi ndi mkwiyo zili pankhope.

"Ba dadi, mwatichita chipongwe," anatero. "Ise tasiya mapoto pa moto. Zinthu izi sasewela nazo." Analoza zikuni zija. "Zimyani moto uyu. Mwauyasha mweka, uzayamba kufuna mwine wake."

Ndinathira ndowa yathunthu pamotopo. Utsi wake unalowa m'nyumba, unakhala m'makatani mlungu wonse.

Amuna anga anaseka nkhani imeneyi mpaka kutsokomola. Anaimbira ana, anaimbira anzawo akale a kumalole. Ankatchula amene anabwera ndi amene sanabwere, ati tsopano akudziwa anzawo enieni. Koma madzulo ake, anthu atapita, ndinawapeza ataima pa phulusa lonyowa lija, akuyang'ana tenti.

"Munalila bwino, amai," anatero, osanditembenukira. "Ninamvela ku tulo. Ninaganiza nilota."

"Tiyeni tileke ulendo uyu," ndinawapempha. Nthawi imeneyi sindinakalipe. "Nayopa, a bambo. Nayopa zoona."

Dzanja lamanzere analigwira ndi lamanja, ngati akulisunga kuti lisagwe.

"Nikaleka, nizankhala chabe nilindila," anatero. "Tenti musaibweze ku Kabwata. Ikhale pafupi."

Kuyambira tsiku limenelo msewu wathu unatipatsa dzina, a kuphiri. Ana ankati akawaona ndi chikwama cha njerwa, amaimba nyimbo ya maliro chapansipansi n'kuthawa. Ba neba anakhala masiku osatilankhula, kenako mtima unatsika, anayamba kutiseka pamwamba pa mpanda. Matikiti a basi anagulidwa. Majekete aja wina anawatola pamsewu n'kutibweretsera. Ndinawachapa, ndinawapinda, ndinalongedza kapenta, mpunga, machesi, mankhwala awo m'kachitini. Usiku ndinkamvetsera kupuma kwawo m'malo mogona.

Kutatsala pang'ono kuti tinyamuke, m'mawa wina wozizira, anakhala pakhonde kuti amange majombo apite ku mlatho. Ine ndinali kukhitchini. Ndinamva njerwa zikugunda simenti. Nditatuluka ndinawapeza atagwera chammbali, jombo imodzi yomanga, ina ayi, maso akundiyang'ana koma pakamwa posatuluka kanthu. Alamu anafika msanga ndi galimoto, tinawanyamula mwakachetechete, anthu ali kuntchito ndi kumisika. Kuchipatala sanakhalitse. Dzuwa lisanafike pamutu, namwino anandipatsa chipewa chawo chaubweya.

Tinabwerera kunyumba awiri. Alamu anaimbira achibale a ku Kabwata ndi a ku Matero, koma Lusaka masana ndi mzere wa magalimoto, munthu safika msanga. Podikira, anachita zimene mwamuna amachita. Anakoka masofa n'kuwatulutsa. Anapita kuseri, anakoka chinsalu chobiriwira chija, anachiimika yekha akulira, poti anali atachiphunzira kale. Anasonkha moto ndi zikuni zomwe zija zinatsala, zakuda mbali imodzi. Anatsegula geti mbali zonse ziwiri.

Ine ndinakhala pansi m'chipinda chochezera, msana kukhoma, chipewa pamiyendo. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kulira mokweza kuti msewu umve. Ndinatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu. Kulira kwanga konse ndinali nditakuthera Loweruka lija, pa munthu wamoyo.

Ndinkamva mapazi a anthu akudutsa pa geti. Ankachedwa pang'ono, kenako n'kupitirira. Wina anaseka. Mwamuna wina anauza mnzake kuti, "A kuphili bayambanso." Utsi unkalowa pakhomo, dzuwa linkasuntha pa simenti yofiira, ndipo m'chipinda monse munali ine ndekha. M'moyo mwanga sindinaonepo nyumba ya maliro yopanda munthu.

Kenako ndinamva mawu aakulu aja pamwamba pa mpanda, ansangala, a munthu wobwera kumsika.

"Ba neba! Muli shani uko? Uzani ba dadi ati lelo sitibwela! Bagone chabe mu tenti yao, ise tili na nchito!"

Ndinadzuka. Ndinayenda mpaka pakhomo, ndinaima pamene akanatha kundiona. Anali ataima pa njerwa yawo ya masiku onse, zigongono pa mpanda, akuseka. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana chipewa m'manja mwanga, anayang'ana pakhonde pamene chikwama chija chinali chikadali chogwa, njerwa zitamwazika. Kuseka kunawathera pang'onopang'ono.

"Bwelani, ba neba," ndinatero. "Muniyambileko kulila. Ine mau yakana."