Ufa wachikasu ndi adyo wa alamu

Bambo akunyumba atapita ku Joni, anandisiyira madamu awiri a nsomba m'mbali mwa Rivirivi, lakumtunda ndi lakumunsi. Ine ndinakulira ku Utale, kumene timadziwa chimanga ndi mbuzi basi. Za nsomba za makumbazi ndinkangodziwa kuwawazira madeya m'mawa.

Chaka chachiwiri nsomba zija zinapinimbira, zina n'kutuluka zilonda zofiira m'nthiti. Alangizi a zansomba atabwera, anandipatsa kapaketi ka ufa wachikasu.

"Awa ndi mavitamini, mayi. Supuni imodzi pa ndowa ya madeya. Zikula msanga, ndipo zizilimba ku matenda."

Njinga yawo itazimiririka m'pamene ndinadzifunsa kuti supuni yake iti, ya tiyi kapena ya phala? Ndowanso ndinali nazo zitatu, zosiyana misinkhu. Papaketi panali tizilembo tachizungu ndi chithunzi cha nkhuku. Ndinatembenuza kuseri kufuna nsomba, osaipeza.

Sabata yomweyo kunabwera alamu anga a ku Mposa kunyanja, akulu awo a bambo akunyumba. Ananunkhiza ufa uja n'kupukusa mutu.

"Iyayi alamu, izi n'za anapiye. Kwathu timasinja adyo ndi masamba a chammwamba n'kusakaniza ku madeya. Walahi, zilonda zimauma."

"Nanga alangizi aja anandinamiza?"

"Sindinatero. Iwo anaphunzira zawo."

Ndinaimbira bambo kuti agamule. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati alangizi amadziwa ntchito, komanso achimwene awo sananamepo. Foni inadukira pomwepo.

Ndinaganiza zoti nsombazo zindiyankhe zokha. Damu lakumtunda ndinkathira ufa wachikasu, lero supuni yaing'ono, mawa yaikulu, malinga ndi mmene mtima wandiuzira. Lakumunsi ndinkathira adyo. Manja anga ananunkha mwezi wathunthu, moti kutchalitchi anzanga ankandisiyira benchi.

Ndiye kunagwa mvula ya masiku atatu. Nditapita kudimba ndinapeza khoma ladothi lolekanitsa madamu aja lagumuka, madzi ali amodzi. Ndinaima m'matope ndi mabeseni awiri m'manja, osadziwa kuti ndithire liti kuti. Mapeto ake ndinakhuthulira onse pamodzi.

Pokolola, ukonde unatulutsa zodabwitsa. Nsomba zina zinali zonona ngati chikhatho cha mwamuna, zina ngati chala. Zambiri zinali ndi zipsera zouma. Alangizi anati ndi mavitamini. Alamu anatumiza uthenga kuti adyo sanama.

Amayi a m'gulu lathu la alimi anabwera anayi kudzafunsa chimene ndinadyetsa. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira nkhuku ya papaketi mpaka khoma.

"Ndiye chinagwira ntchito n'chiti?" anafunsa amayi oyandikana nawo damu.

"Sindikudziwa."

Anayang'anana. Amayi oyandikana nawo aja anamanga chitenje n'kunyamuka, akuti chaka chino aona anthu oumira nzeru. Anatha nyengo yonse ya dzinja osandipatsa moni, ndipo ndinamva kuti anathira phulusa m'damu mwawo, poganiza kuti ndi chimene ndinkabisa.