Ndege ya a Msiska ndi Mpheta za ku Hara

Ndikakumbukira a Msiska, mphuno zanga zimadzaza ndi fungo la mafuta a nsatsi opserera osakaniza ndi spiriti, kafungo kamene kankakanirira m'malaya ngakhale uchape chotani. Nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu kufupi ndi sikimu ya mpunga ya ku Hara, ndipo pakhonde pamene anzawo ankayanika chinangwa, iwo ankayanika mapiko a ndege. Anagwira ntchito yokonza mainjini ku migodi ya ku Zambia mpaka mwendo unawakana. Anzawo anabwerako ndi njinga, ena makina osokera, koma iwo anabwera ndi kandege kotalika ngati mwana wa Sitandade 1, ndi kabokosi ka eriyo yaitali kokawongolera ali pansi. Akazi awo sanawakhululukire mpaka kale.

Kuuluka kankauluka bwino, koma kutera kunali kwa Mulungu. Kanakodwapo m'mtengo wa mango, kanabalalitsapo ng'ombe za eni ake, ndipo tsiku lina kanadutsa pamitu pa amayi oyeserera nyimbo za chipani n'kukazika mphuno m'chulu. Atcheyamani a chipanicho anabwera nkhope ili gwa kudzafunsa kuti kabokosi ka eriyoko kamalankhula ndi ndani.

"Na ndege pera, ndege yokha basi, a tcheyamani," anayankha a Msiska. "Nayonso ndegeyo sikundimvera."

Akatola zidutswa ankakhala pakhonde akuimba mluzu, kusema chiwale, kumata ndi guluu, kukuta ndi pepala la simenti. Ife ana tikamawaseka ankangoti, "Ndege yosagwa ndi imene ili pakhonde."

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, mpunga wathu unacha nthawi imodzi ndi mayeso, ndipo mpheta zinabwera ngati utsi wa lupsa. Amayi anali ndi khanda, bambo ankagwira ntchito ku doko la Chilumba, ndipo woyamba kubadwa ndinali ine. Ntchito yanga inali kukhala m'munda kuyambira m'bandakucha, kukoka chingwe cha zitini zoikamo miyala ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Nditatchula za mayeso, bambo anati, "Mbalame sizidziwa mayeso. Ulemba chaka cha mawa." Koma ndinkadziwa kuti kwa mtsikana wa msinkhu wanga chaka cha mawa chinkabwera ndi ng'ombe za malowolo. Mtima unandiwawa kwambiri.

A Msiska anamva kulira kwanga, chifukwa ine sindilira mobisa. Anadutsa msewu akutsimphina.

"A Gondwe, mwana uyu walembe mayeso," anauza bambo. "Mbalame mundisiyire ine. Zikawona ndege yanga ziganiza ndi kabawi wa injini, zithawira ku Tanzania."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola, koma anavomera. Ndege ikathamangitsadi mpheta, ine ndikalemba.

Tinakayesa Lamlungu masana titaweruka ku tchalitchi, mayeso ali mawa lake. Mudzi wonse unatitsatira, ena Mabaibulo ali m'khwapa. A Msiska anagwada pamsewu wa pakati pa sikimu, anathira mafuta, anazungulitsa pulopela ndi chala, ndipo kainjini kanalira ngati udzudzu waukulu kuposa udzudzu wonse wa ku Karonga. Kandege kanathamanga, kananyamuka, kanakwera mpaka kuchepa, kenaka kanatembenuka n'kutsika molunjika puloti yathu. Mpheta zinadzuka zonse pamodzi, thambo linada, azimayi anayamba nthungululu, ana tikuthamanga m'mizere ya minda osaona pomwe tikuponda. Kanabweranso kachiwiri, kachitatu, mapiko akunyambita ngala za mpunga. Ine ndinkalumpha ngati wolumidwa ndi linthumbu, ndikuona kale pensulo m'manja mwanga. Ndi bambo omwe chipewa chinali m'manja.

Koma panali chinthu chimene a Msiska sanatiuze. Mabatire a m'ndegemo anali atatha, ndipo m'masitolo a ku Uliwa munalibe ena. Iwo anangochita zimene tonse tinkachita ndi mabatire a wailesi: kuwayanika padenga la malata ndi kuwagogoda pang'ono ndi mwala kuti adzuke. Wailesi moto ukamatha imangoyamba kunong'ona. Ndege imagontha nthawi yomweyo.

Ndinaona a Msiska akukankha timitengo ta pabokosi uku ndi uku, kenaka akupendeka thupi lonse ngati ndegeyo iona n'kutengera. "Wera kuno, iwe," ankaiitana ngati mbuzi. Iyo inangopitirira, inakhudza mtengo wa mgwalangwa, phiko limodzi linatsala m'mwamba, ndipo chotsalacho chinazungulira n'kugwera m'ngalande, madzi kuti phwaa. Tisanafike n'komwe pamalopo, mpheta zinali zitabwerera mumpunga.

Bambo anavala chipewa chawo. "Mawa ulawirire ku munda," anatero, osandiyang'ana.

M'mawa mwake ndinatuluka ndi chingwe changa cha zitini, maso atatupa, yunifolomu nditaisiya pamsomali. Ndisanafike ku sikimu ndinamva udzudzu uja. Ndinathamanga. Pamzere wa puloti yathu panali a Msiska, buluku atapinda mpaka m'mawondo, atanyamula nsungwi yaitali. Kunsonga kwake anamangirira ndi mphira thupi la ndege lopanda mapiko, injini ikulira, utsi wa nsatsi ukutsatira m'mbuyo. Ankatsimphina nayo kuchoka kumapeto kuno kukafika uko, ndipo kumbuyo kwawo kunali gulu la tiana tosayamba sukulu tikukuwa ndi chimwemwe. Panalibe mpheta ndi imodzi yomwe imene inayerekeza kutera.

"Asekuru, mwendo wanuwo," ndinatero, kuwaitana monga timaitanira agogo kwathu.

"Nyagondwe, ukuchita vichi kuno?" anakuwa kupitirira phokosolo. "Ndinalonjeza kuti ndege ithamangitsa mbalame. Sindinanene kuti iuluka yokha. Luta, ukavale yunifolomu."

Ndinalemba mayeso onse mawindo a kalasi ali otsegula, ndipo mphepo ikachokera ku sikimu ndinkamva kainjini kaja kakulira patali. Kakangoti zii mtima unkaima, kakayambanso pensulo inkayenda. Tsiku lomaliza kanasiyiratu. Kainjini kopangidwira kuuluka pang'ono n'kupuma kanali katalira masiku athunthu padzuwa la ku Karonga, ndipo kanapsa mkati. Masana amenewo a Msiska anamaliza ndi zitini zanga, akukuwa okha ndi mawu awo.

Ndegeyo sinaulukenso. Mwendo wawo unatupa kwa nthawi yaitali, ndipo akazi awo ankawathowa ndi madzi otentha uku akuwakalipira, koma ndinaona kuti mapiko othyoka aja sanawasonkhezere pamoto monga ankawopsezera kale. Dzina langa litatuluka pa osankhidwa kupita ku sekondale, a Msiska anandiitana pakhonde n'kundipatsa pulopela yobenthuka mbali imodzi.

Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo pulopelayo imakhala m'kabati ya tebulo langa. Mpunga ukamacha, mtsikana wina akasowa m'kalasi, sindifunsa anzake. Ndimavula nsapato za ku ntchito n'kumutsatira ku munda.